Chithaphwi cha kwa Dona Muriel

Chimene chinayamba kumudabwitsa Laison silinali fungo ayi, koma kuchuluka kwa mkodzowo. Tofi, kagalu ka Dona Muriel, kanali kanthu kotha kulowa m'thumba la jekete, ubweya wokhawokha ndi mphuno yophwanyika ngati kanapanidwa ndi chitseko, ndipo madzi kankamwera m'sosala ya tiyi. Tsono kanthu kotere kangatulutse bwanji chithaphwi chonyowetsa chiguduli kawiri, kufinyira mu ndowa, n'kutsalabe? M'mawa umenewo Laison anagwada kumapeto kwa kolido, pafupi ndi chitseko chotulukira kuseri, akukolopa uku akutukwana chamumtima. Kunja kunkagwa kamvula kowaza kochokera ku mapiri a Vumba, kamene eni dziko amati guti, kamene kwawo ku Mulanje amati chiperoni.

Zinali zaka za Chitaganya, ndipo mu Umtali munali anthu a ku Nyasaland ambirimbiri, ena ku njanji, ena osesa misewu ya tauni, ena m'makhitchini a azungu ngati Laison. Iyeyo anali atagwira ukhukhi kwa Bwana Norman ndi Dona Muriel zaka zisanu. Bwanayo ankayang'anira nyumba zosungiramo katundu ku Paulington, munthu wosalankhulalankhula, amene kwa wantchito ankangoponya mawu awiri atatu a Chilapalapa, chilankhulo chodukaduka chija cholamulira anthu. Pakamwa pa nyumbayo anali dona. Ana analibe, tsono chikondi chake chonse anachikhuthulira pa galu.

Koma wolera galuyo anali Laison, pasakhale wonama. Tofi atabwera ali kamwana ankangochita paliponse, pa kapeti, pansi pa tebulo, ngakhale m'nsapato za alendo. Laison ndiye ankamunyamula mbandakucha uliwonse, akangotha kudya, komanso asanagone, kupita naye patsinde pa gwafa kuseri kwa nyumba, n'kuimirira pamenepo, bambo wamkulu wandevu zake, kudikira galu kuti aganize bwino. Akachita zake ankamupatsa kachidutswa ka bisiketi. Miyezi itatu yathunthu ya manyazi amenewo, ndipo zinagwira. Zaka ziwiri pansi pa nyumba ija panali pouma, polishi wofiira akuwala mpaka kuonerapo nkhope. Lero ndi izi, tsiku lachitatu motsatizana, malo omwewo.

Dona sanafune kumva zambiri. Kwa iye Tofi sakanalakwa; wolakwa anali boyi. Ananena kuti Laison wayamba ulesi chibwerere mkazi wake, kuti madzulo amathamangira ku kaya asanamutulutse galu mokwanira. Kaya inali kanyumba ka wantchito kuseri kwa mpanda wa maluwa, chipinda chimodzi, ndipo dona anali atalola, mwa chifundo chake chimene ankachikumbutsa sabata iliyonse, kuti Vaileti, mkazi wa Laison, akhalemo ndi khanda lawo Ruby. Pothina panali pamenepo. Ntchito ikatha, kaya yatha, ndipo munthu wa ku Nyasaland wopanda dzina la bwana pa chitupa chake sankachedwa kutoledwa mumsewu. Kotsala kukanakhala ku mafamu a ku Burma Valley, kumene Laison anayambira atangofika m'dzikomo, kumene analumbira kuti mwana wake sadzakulirako.

Choncho anayambiranso pachiyambi, akukukuta mano. Anatsuka malowo ndi viniga kuti fungo lisamuitanenso galu. Anayala manyuzipepala. Sosala ya madzi anayamba kuichotsa folo koloko, kagaluko n'kumamutsatira m'khitchini lilime lili panja. Madzulo ankakhala nako patsinde pa gwafa mpaka miyendo kuchita dzanzi, kamvula kakumulowa m'khosi, ndipo Tofi ankanyonyomala bwinobwino pamaso pake, n'kumuyang'ana kudikira bisiketi. Kukacha, manyuzipepala aja anali atanyowa mpaka kumatirira pansi. Dona anapita naye kwa dokotala wa ziweto, dokotala anamupinda uku ndi uku, n'kunena kuti galuyo alibe vuto lililonse. Dona anabwerako akuyang'ana Laison ngati dokotalayo watchula dzina lake.

Tsiku lina dona ali kwa anzake, Bwana Norman anaima pakhomo la khitchini n'kunena m'Chilapalapa chakecho kuti galu samva za bisiketi. Amugwire pakhosi, amukhuze mphuno mumkodzomo, amukwapule. Laison anachita zimenezo m'mawa wotsatira dona asanadzuke, ndipo anachita mopyola muyezo. Mkwiyo wonse umene sakanauonetsa kwa eni nyumba anautsitsira pa kanyama kosalemera ngakhale kuposa nkhuku. Tofi sanalire kwambiri. Anangolowa pansi pa kabati, ndipo kuyambira tsiku limenelo Laison akatambasula dzanja, ngakhale lili ndi chakudya, kagaluko kankatsinzina n'kudzipinda. Zinamuwawa Laison, ndipo kuwawako kunangomuwonjezera ukali.

Chithaphwi sichinasiye. Anayesa kukolopa mwakachetechete faifi koloko kuti dona asadziwe, koma mkodzo unkadya polishi n'kusiya chigamba chotuwa, ndipo dona anachiona tsiku lomwelo n'kumutcha wabodza. Pamene Laison ankapakanso polishi, atagwada, mphuno ili pafupi ndi khoma, ndi pamene anaona chinthu chimene chinamuimitsa dzanja. Pa laimu woyera wa khomalo panali mzere wachikasu, woyambira pamwamba pa msinkhu wa bondo la munthu kutsetsereka pansi. Tofi anali wamkazi, wonyonyomala. Ngakhale ataima ndi miyendo iwiri sakanafika pamenepo.

Madzulo ake anamuika Tofi m'bokosi la sopo m'khitchini, anaboola timabowo, n'kumanga chivindikiro ndi chingwe mfundo zitatu. M'mawa mfundo zinali momwe anazisiyira, m'bokosi munali mouma, kagalu kakunjenjemera chifukwa chodzigwira usiku wonse, ndipo pakolido panali chithaphwi. Anathamanga kukauza dona, poganiza kuti tsopano amva. Mayi uja! Chimene anamvapo iye ndi chakuti Tofi wake wagona m'bokosi la sopo, ndipo anakalipa mpaka mawu kusasa.

Apa m'pamene Laison anasiya za galu n'kuyamba zakwawo. Eni nyumba atalowa m'zipinda zawo, pakuti bwana ndi dona ankagona payekhapayekha, iye anatenga sefa n'kuwaza ufa pang'onopang'ono kumapeto kwa kolido kuja, wochepa woti mumdima sungaoneke, kenako anatulukira ku khitchini n'kukiya. Anabwerera tambala woyamba atangolira, kandulo ili m'manja. Pa ufapo panalibe phazi la galu ngakhale limodzi. Panali mapazi a munthu, opanda nsapato, ochokera mkati mwa nyumba, oima moyandikana kuyang'ana chitseko, kenako obwerera mkati momwemo. Chitseko chinali chokiya, kiyi ali pa msomali wake. Phazilo linali lotambalala, zala zotayana, chala chachikulu chopatuka pachokha. Laison anavula nsapato yake n'kuponda pambali pake, ndipo mapazi awiriwo ankafanana ngati a pachibale.

Masana anakanong'oneza a Filimoni, khukhi wachikulire wa nyumba yoyandikana, amene anagwirapo mu mgodi wa ku Penhalonga mpaka chifuwa chinawatulutsamo. Anakumana pampanda, aliyense atanyamula ndowa yonamizira. A Filimoni anafunsitsa za zala zija, ndipo atamva anapukusa mutu. Anati phazi la mzungu ndi lopyapyala, lofinyidwa ndi nsapato chibadwire. Lotambalala chonchoro ndi lathu, lokulira m'njira za m'mudzi. Kenako anatsitsa mawu n'kufunsa ngati Laison anamvapo za Uladi. Uladi anali khukhi wa panyumbapo Laison asanabwere, Myao wa ku Namwera, ndipo anafera mu kaya momwemo m'miyezi yozizira, yekhayekha, anthu n'kumuzindikira patatha masiku awiri. Anamuika anthu ochepa. Sutikesi yake, m'malo moitumiza kwawo, inawotchedwa kudzala. A Filimoni anati nkhani inalipo kale m'makhitchini a mumsewuwo kuti munthuyo sanapite, ndipo analangiza Laison kuti athire ufa patsinde pa mtengo, apepese.

Mantha analipo, koma chimene chinakula mwa Laison ndi ukali. Munthu wakwathu, wodziwa bwino chimene chitupa chili, wodziwa kuti kugona mu kaya ndi chisomo cha dona, n'kumadzuka kumanda kudzakodzera ntchito ya mnzake? Sutikesiyo anaiwotcha ndi Laison? Ngati ali ndi mlandu ndi azungu, bwanji osakawakoka miyendo m'mabedi mwawo? Ufa anathira ndithu, koma anauthira akudzuma, ndipo mawu amene ananena pamenepo sanali opepesa kwenikweni. Vaileti atamva za Uladi anayamba kugoneka mwana pakati pawo, nyali osazimitsa.

Usiku wotsatira Laison anafunda bulangeti n'kukakhala pa sitepe ya chitseko chakuseri chija, kunja kwake, khutu lili pa thabwa. Mdima unali wandiweyani chifukwa cha nkhungu. Kutali ku njanji mabogi ankagundana, kulira kwa zitsulo kukubwera mochedwa ngati kwanyowa. Madzi ankadontha kuchokera padenga kugwera mu diramu, limodzi limodzi. Mkati wotchi ya pakhoma inagunda kamodzi, kenako patapita nthawi yaitali kawiri. Ndiyeno anamva. Kunali kuyenda kwa mapazi opanda nsapato pa polishi, phazi likumamatira pang'ono n'kumatuka, mosafulumira, kukuyandikira. Kunaima. Chogwirira cha chitseko chinatembenuka pang'onopang'ono pamwamba pa mutu wake, n'kubwerera. Panali kupuma kwa munthu, kuseri kwa thabwa lomwe iye anatsamira.

"Amayi," mawu ananong'ona. "Amayi, ndiperekezeni. Kunja kuli mdima."

Anali mawu a munthu wamkulu, koma ofinyidwa, opyapyala ngati a mwana wa zaka zisanu. Ndipo chinali Chinyanja chenicheni, chokoka mawu ngati cha kwawo ku Mulanje. Anapempha katatu, kachitatuko mawu akunjenjemera. Kenako kunali zii, ndiyeno phokoso la madzi pakhoma, lalitali, losatha msanga. Ena anadutsa pansi pa chitseko n'kunyowetsa nsonga ya bulangeti la Laison, ofunda. Iye sanathe kudzuka pamenepo mpaka kum'mawa kutayera.

M'mawa umenewo, Lachinayi, dona anadula mlandu patebulo la chakudya cha m'mawa. Mkulu wake ankabwera Loweruka pa sitima kuchokera ku Salisbury kudzakhala sabata ziwiri, ndipo iye sakanalandirira mlendo m'nyumba yonunkha ngati khola. Loweruka m'mawa pansi pakapezeka ponyowa, Laison, mkazi wake ndi mwana wake azipita. Bwana Norman, osachotsa maso pa nyuzipepala, anawonjezera m'Chingerezi, chimene Laison ankachimva ndithu, kuti mwina ndi boyi yemweyo amene amalowa usiku kudzachita zimenezi mwa chipongwe, ndipo ndi bwino kumulanda kiyi wa khitchini. Laison anali ataimirira pomwepo ndi tiyipoti m'manja. Anathira tiyi osataya ngakhale dontho, anapereka kiyi, analowa m'khitchini, ndipo kumeneko anawatukwana onse awiri mokweza m'Chinyanja, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga ankachitira masiku onse podziwa kuti palibe akumva.

Lachisanu m'mawa chithaphwi chinalipo. Madzulo ake Laison anauza Vaileti kuti sagona mu kaya. Abisala m'nyumba ya azungu. Vaileti anasiya kuyamwitsa.

"Bambo a Ruby, akakupezani m'menemo usiku, si nkhani ya galunso. Mukudziwa chimene adzanene, m'nyumba mogona dona."

"Ndikudziwa. Koma ndikapanda kulowa, mawa mwanayu agona kuti? Ndikufuna ndimufunse Uladiyo maso ndi maso kuti ndinamudyera chiyani."

Atatha kutsuka mbale anamenyetsa chitseko cha khitchini ngati watuluka, n'kulowa m'kachipinda kosungiramo zakudya, kuseri kwa thumba la mbatata. Dona anabwera, anakiya, anapsompsona galu wake mu dengu, anazimitsa magetsi. Tofi anadziwa kuti muli munthu. Anabwera kudzanunkhiza pansi pa chitseko cha kachipindako, koma sanauwe. Anangobwerera mwakachetechete kukagona kutali. Laison anakhala mumdima umenewo, m'fungo la anyezi ndi palafini, chitsulo chosonkhezera moto chili pamiyendo. Chitofu chinkazizira chikulira tiki, tiki. Mbewa inadutsa pa phazi lake. Anawerenga kugunda kwa wotchi, khumi ndi kamodzi, khumi ndi kawiri, kamodzi, ndipo nthawi yonseyo ankakonza mawu oti amulalatire wakufayo.

Itagunda kawiri, mapazi aja anayamba. Laison anatuluka chokwawa, anatsegula pang'ono chitseko cha pakati pa khitchini ndi kolido. Nkhungu inali itachoka usiku umenewo, ndipo kuwala kwa mwezi kunkalowa pa kagalasi ka pamwamba pa chitseko chakuseri. Pamenepo panaima chinthu chachitali, choyera kuyambira m'khosi mpaka m'miyendo. Nsanda, anaganiza Laison, Uladi wabwera ndi nsanda yake. Mkwiyo unamukankha, ndipo anaimirira, chitsulo chili m'mwamba.

"A Uladi," ananong'ona. "Ndinakulakwirani chiyani ine?"

Chinthucho chinatembenuka, mwezi n'kugwera pankhope. Sanali Uladi. Anali Bwana Norman, atavala zogonera zoyera, tsitsi lili nyankhalala, maso ali otsegula koma osaona kanthu. Pansi pa zogonerazo panali mapazi opanda masilipasi, otambalala, zala zotayana.

"Amayi, mwabwera? Ndadikira. Ndiperekezeni."

Laison anaima chilili. Zinthu zinamubwerera zonse pakamodzi. Kwawo m'minda ya tiyi ana otere anawaonapo, obadwa kwa amayi a m'mudzi ndi azungu a pa esiteti. Ena mwa iwo, oyera kwambiri, galimoto inkabwera kudzawatenga, osaonekanso. Ndipo m'dziko lino munthu wotere akadziwika, ntchito ya azungu yatha, nyumba ya kumayadi yatha, mwina ndi dona yemwe. Anakumbukiranso matusi onse a zaka zisanu amene anawalavula m'khitchini mokweza. Koma choposa zonse anakumbukira khosi la Tofi m'dzanja lake, ndi munthu amene anamutuma. Mtima unamuuza kuti ayatse magetsi onse, agogode kwa dona, abwere adzaone galu wake weniweni. Dzanja linafika pa switchi.

Bwanayo anatambasula mkono mumdima, akufufuza, napeza dzanja la Laison. Sanaligwire lonse. Anagwira chala chimodzi, monga amachitira mwana. Ndipo Laison, amene mayi ake omwe ankamutulutsa chonchi usiku kumudzi, anaika chitsulo pansi, anatenga kiyi pa msomali.

"Tiye, mwanawe. Ponda bwino pa sitepe."

Anayenda pa udzu wonyowa mpaka patsinde pa gwafa. Bwana anafunsa ngati kuli afisi, Laison anati kulibe. Anaimirira pambali, nkhope atayang'ana kumbali, kudikira monga anadikirira kambirimbiri pamalo omwewo, mano akukukutika ndi kuzizira ndi ukali womwe. Atatha, bwana anagwiranso chala chija.

"Abambo akuti mawa abwera ndi galimoto kudzanditenga. Akuti kumeneko ndisamakalankhule chonchi. Inu mubwera liti?"

Nthawi yomweyo sitima ya katundu yochokera ku Beira inaliza mluzu pokwera chitunda, ndipo bwana anadzidzimuka thupi lonse. Maso aja anabwerera mwini wake. Anayang'ana mtengo, anayang'ana mapazi ake ali pa udzu, anayang'ana chala cha khukhi wake chili m'dzanja lake. Anachisiya pang'onopang'ono. Analowa m'nyumba, ndipo Laison anamva kiyi akutembenuka.

Loweruka kunacha bwino. Dona anatsegula khitchini akumwetulira, anamukokera Laison kukolido kuti aone yekha: pouma, pa! Ananena kuti ankadziwa kuti Tofi wake ndi mtsikana wabwino, kuti boyi akangosiya ulesi zonse zimayenda, ndipo anamupatsa galuyo bisiketi yathunthu. Kenako anavala chipewa n'kuyendetsa galimoto kupita ku siteshoni kukalandira mkulu wake. Mtima wa Laison unakhala m'malo koyamba m'masabata atatu. Anadutsa pa kaya kukauza Vaileti kuti amasule mtolo umene anali atamanga kale, kenako anabwerera kukachotsa mbale patebulo. Bwana Norman anali akadali pomwepo, atavala tayi, nsapato zikuwala.

"Bweretsani chitupa chanu, bambo a Ruby."

Chinali Chinyanja chosalala, chaulemu, kunja kutacha, dzuwa likuwala, ndipo chinamuopsa Laison kuposa cha usiku chija.

"Pansi ndi pouma, bwana."

"Ndaona. Bweretsani chitupa."

Anakachitenga. Bwana anatulutsa cholembera, analemba tsiku losiya ntchito, anasaina, anauzira inki kuti iume. Ananena mosakweza mawu kuti dona asanabwere ku siteshoni kaya ikhale yopanda munthu, ndipo kuti Laison akadzangotsegula pakamwa pena paliponse mu Umtali, iye adzauza apolisi kuti anamupeza usiku m'nyumba, chitsulo chili m'manja, pafupi ndi chipinda cha dona. Anati Laison akudziwa yekha amene adzakhulupiriridwe.

Laison anamuyang'ana m'maso. Ananena kuti galu uja anamumenya mpaka lero amamuopa, anamumana madzi, anamutsekera m'bokosi, ndipo womutuma anali atakhala pampando pomwepo akudziwa. Bwana anayang'ana m'kapu yake nati sankadziwa bwinobwino, kungoti ankadzuka mapazi ali onyowa. Laison anafunsa ngati mayi amene amawaitana usikuwo ali moyo.

"Anamwalira mwezi wathawu, ku Mulanje. Kalata ya uthengawo ndinaiwotcha m'chitofu chanu."

"Kumaliro munapita?"

"Ndikanapita ngati ndani?"

Laison anatenga chitupa chake patebulo, anachipinda, anachiika m'thumba la malaya. Anavula epuloni n'kuisiya pa mbale zosatsuka.

"Inu mayi anu simunawaperekeze kumanda," anatero, "koma mukufuna iwo adzuke adzakuperekezeni kokodza."

Bwana Norman sanadzutse mutu. Anali akuyang'anabe m'kapu yake pamene Laison ankatuluka.

Dzuwa lisanafike pamutu anali atadutsa pageti, Vaileti mtolo uli pamutu, Ruby ali kumbuyo, Laison atasenza bedi lopinda ndi mapoto. A Filimoni anawafunsa pampanda chimene chachitika, poti dona anamveka akuseka m'mawa, ndipo Laison anangoti ntchito yatha. Lolemba lake anali m'munda wa nthochi ku Burma Valley, akusenza mikoko paphewa, mwana wake atagonekedwa pa chiguduli kumapeto kwa mzere.

Patapita mwezi a Filimoni anatumiza mawu kudzera kwa woyendetsa lole ya pafamupo. Anati mkulu wa dona sanamalize sabata zake ziwiri chifukwa cha fungo, ndipo bwana analimbikira mpaka dona analola, akulira, kuti Tofi apite kwa dokotala wa ziweto. Sanabwereko. M'nyumbamo munalibenso galu aliyense, koma khukhi watsopano, Mmanyika wa m'dziko momwemo wosamva Chinyanja, ankakolopabe pakolido m'mawa uliwonse.